Za Ana Olumala ndi Njira Yao ya ku Sukulu, ku Machinga ndi ku Balaka

Munthu ali yense amene anayendapo m'mamawa pa mseu wocokera ku Liwonde kunka ku Ntaja, kapena pa wa ku Ulongwe, adziwa khamu la ana limene lidzaza m'mbali mwa mseu, ena makope m'manja, ena akuthamanga poopa belu. Koma owerenga athu adziwanso kuti m'midzi momwemo muli ana ena amene sapezeka m'khamulo. Pali mwana amene miyendo yace inauma cibadwire. Amace anali kumbereka kunka naye ku sukulu pamene anali wopepuka, ndipo atakula nalemera, anamsiya pakhonde kuti aziona anzace akupita. Pali wina amene ayenda bwino, koma zala zace sizigwira pensulo. M'mwezi uno tifuna kulongosola mbiri ya anthu amene nchito yao ndi kuthandiza ana otere, ndi umo cithandizoco cinayendera m'maboma a Machinga ndi Balaka, amene anali boma limodzi kufikira caka ca 1998. Tidzaona kuti poyamba wodwala ndiye anali kutsata cithandizo kutali, ndipo pang'ono-pang'ono cithandizo cinaphunzira kutsata wodwala kwao. Koma pa khomo la sukulu sicinafike bwino-bwino.

NCHITO ZIWIRI ZAPACIBALE

Tiyambe ndi kuwadziwa anchitowo. Oyamba ndi amene anthu awacha a mafizo. Iwo sapatsa mankhwala akumwa. Mankhwala ao ndi manja ao ndi thupi la wodwala mwini. Aongola mwendo umene ufuna kukhwinyata, alimbitsa msana wa mwana kuti akhale tsonga, namphunzitsa kukwawa, kuimirira ndi kuponya phazi. Aciwiri ndi amene pa Cingerezi achedwa occupational therapist, ndipo ife tingawache ophunzitsa manja. Iwo ayang'ana zimene mwana ayenera kucita tsiku ndi tsiku, monga kutema nsima, kumanga batani, kugwira coko ndi kudzithandiza kucimbudzi; ndipo pamene dzanja lilephera, asintha cipangizo kapena malo kuti zimyenere mwanayo.

Nchito izi siziri zakale kwambiri ngakhale kwa Azungu. Ku London anamwino anai anayambitsa bungwe la osisita odwala mu 1894, ndipo ndilo linakula kukhala bungwe la a mafizo a dzikolo. Ku America bungwe la ophunzitsa manja linayamba mu 1917, ndipo nkhondo yaikuru yoyamba, imene inabweza kwao asilikari ambiri opunduka, inakuza nchito zonse ziwiri. Mu 1975 a ku America anaika lamulo lakuti mwana wolumala ali yense aphunzire kwaulere, ndi kuti akasowa wa mafizo kuti aphunzire bwino, a sukulu ampezere. Cotero kumeneko kuli a mafizo amene alembedwa nchito ndi sukulu, natsata mwana m'kalasi mweni-mweni. Kwathu kuno njira inayenda mwina, ndipo inayambira pa nthenda imene makolo athu anali kuiopa koposa.

MASIKU A KHATE

Ansembe a Montfort, amene anafika ku Nzama mu 1901, anatsegula Misyoni ya Utale, kumwera kwa Balaka, mu 1908. Patapita zaka anamanga kumeneko mudzi wa odwala khate, ndipo a Misyoni ya U.M.C.A. anacita comweco ku Likwenu, pafupi ndi Malosa. Bungwe lina la ku London lochedwa BELRA, limene linayamba mu 1924, linali kuthandiza midzi yotere m'maiko ambiri ndi ndalama ndi mankhwala. Mankhwala a masiku amenewo anali mafuta a mtengo wa chaulmoogra, amene anali kuwabaya m'thupi. Anali owawa, ndipo ocira nao anali owerengeka. Wodwala anali kusiya mudzi wace, munda wace ndi abale ace, nakhala ku Misyoni zaka zambiri, ena kufikira imfa. Mwana wogwidwa ndi nthendayi anali kukulira komweko, kutali ndi anzace obadwa nao. Tisanyoze nchito ya anthu aja, pakuti analandira amene ena anali kuwathawa. Koma mcitidwe wace unali wosonkhanitsa odwala pamodzi ndi kuwapatula.

Khate ndilo linaphunzitsa madotolo cinthu cimene a mafizo aimirapo. Anthu anali kuyesa kuti nthendayi idya zala. Koma dotolo wina, Paul Brand, pogwira nchito ku Vellore m'dziko la India kuyambira m'zaka za m'ma 1940, anaonetsa kuti khate lipha mitsempha yomvera ululu, ndipo munthu wosamva ululu agwira mphika wotentha, naponda minga, osadziwa. Zironda zimenezo ndizo zimaliza zala. Tsono anayamba kuphunzitsa odwala kubviika mapazi m'madzi, kuwapaka mafuta, kuongola zala masiku onse, kubvala nsapato zofewa ndi kukulunga nsaru pa cogwirira ca mphika. Mankhwala apha kacirombo, koma dzanja lipulumuka ndi cisamaliro ca tsiku ndi tsiku, cimene wodwala ndi a m'nyumba mwace acita okha.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunapezeka mankhwala akumwa ochedwa dapsone, ndipo m'zaka za m'ma 1960 bungwe lija, litasintha dzina kukhala LEPRA, linayamba m'Malawi nchito yotumiza anthu pa galimoto ndi pa njinga kukagawa mankhwala m'midzi. Apa mpamene cithandizo cinayamba kutsata wodwala. Mu 1994 odwala khate anacepa kufika pansi pa mmodzi mwa anthu 10,000, ngakhale nthendayi sinathe konse, ndipo odwala atsopano apezekabe.

POLIYO NDI ZITSULO ZA M'MIYENDO

Nthenda yaciwiri imene inakuza nchitoyi ndi poliyo. Akuru-akuru a lero akumbukira kuti m'mudzi uli wonse simunali kusowa mwana amene anatentha thupi masiku owerengeka, ndipo podzuka mwendo unali wolobodoka. Mwendo wotere ukasiyidwa ukhwinyata pa bondo ndi pa ciuno, ndipo mwana akwawa moyo wace wonse. Mu 1971 Boma linaika lamulo limene linabala bungwe la MACOHA, loyang'anira anthu olumala. Mu 1979 kunayamba bungwe la Malawi Against Polio, limene anthu analizolowera pa dzina lakuti MAP. Anchito ace anali kuyendera zipatala za m'maboma pa masiku oikika, kuyesa ana, ndi kuwapangira zitsulo za m'miyendo, ndodo zoyendera ndi njinga zopalasa ndi manja. Mu 1985 Dotolo Edward Blair anayamba kuphunzitsa ku Blantyre athandizi a madotolo nchito ya mafupa, kuti m'zipatala za m'maboma muzipezeka munthu wodziwa kulunzanitsa fupa ndi kuika cikhakha. Ndipo mu 1992 kunatsegulidwa cipatala ca Kachere, mumzinda womwewo, ca odwala ofuna mafizo a nthawi yaitali.

Katemera anagonjetsa poliyo, ndipo itapita 1992 dziko linakhala zaka pafupifupi 30 losaona mwana wopunduka ndi poliyo ya mtundu wakale uja, kufikira pamene mmodzi analengezedwa ku Lilongwe mu 2022. Koma poliyo itacepa, a mafizo sanasowe nchito. Anaona ana ena amene kale anali obisika m'nyumba. Ena ndi amene bongo wao unabvulala pobadwa, cifukwa ca kucedwa m'njira kapena kusalira msanga. Ena ndi obadwa ndi mapazi okhota. Ena ndi opulumuka ku malungo a m'bongo. Cifukwa cace MAP inasintha dzina nikhala Malawi Against Physical Disabilities. Ana otere zitsulo zokha siziwakwanira. Afuna munthu wowaona kawiri-kawiri kwa zaka zambiri. Tsono kucokera ku Balaka kapena ku Liwonde kufika ku Blantyre pali makilomita oposa 100, ndipo mai wa ku Nayuchi kapena wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta ayamba wayenda ulendo wina wautali asanafike ndi ku Liwonde komwe. Ndani angabereke mwana ulendo wotere mwezi ndi mwezi, khasu liri kumdikira kumunda?

CITHANDIZO CILOWA M'MIDZI

Funso limeneli linabvuta maiko ambiri osauka. Utatha msonkhano wa ku Alma-Ata mu 1978, a bungwe la zaumoyo la dziko lonse anayamba kulimbikitsa kuti olumala athandizidwe m'midzi mwao, ndi anthu a m'mudzi momwemo ophunzitsidwa pang'ono, ndi zipangizo zopezeka pafupi. MACOHA inayesa njirayi m'boma la Blantyre kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo m'zaka za m'ma 2000, ndi thandizo la bungwe la olumala la ku Norway, inaikulitsa m'maboma anai, ndiwo Blantyre, Mzimba, Machinga ndi Balaka. Anthu odzipereka, osankhidwa m'midzi, anali kuyenda khomo ndi khomo kulemba maina a olumala, kuwatumiza ku cipatala, ndi kukambirana ndi makolo kuti mwana asabisidwe.

Ku Balaka kunalinso nchito ina. Sue Ryder, mai wa ku England amene anayamba kuthandiza obvutika itatha nkhondo yaikuru yaciwiri, anali mkazi wa Leonard Cheshire, amene dzina lace linamveka ku Blantyre pa nyumba yothandiza ana olumala. Bungwe la maiyu linakhazikika pa Balaka, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anamwino ace ndi a mafizo anali kuyendera midzi ya ku Balaka ndi ya ku Ntcheu, kukumana ndi odwala khunyu, odwala mphumu ndi ana olumala, pa malo ndi tsiku lopangana.

M'nchito ya m'midzi imeneyi munabadwa nzeru zimene ziyenera kukumbukika. Nsungwi ziwiri zokhomedwa pa mafoloko a mitengo zikhala zogwirira za mwana wophunzira kuyenda. Makatoni omatidwa ndi phala la ufa, monga anayambira Bevill Packer ku Zimbabwe, asanduka mpando wolimba woyenera msinkhu wa mwana mmodzi. Ndipo wa mafizo anazindikira kuti wophunzira wace weni-weni ndi mai kapena gogo wa mwanayo, pakuti iye aona mwana ora limodzi pa mwezi, koma amace amsambitsa, amdyetsa namgoneka masiku onse. Anazindikiranso kuti ku Machinga, kumene ambiri alankhula Ciyao ndi ena Cilomwe, malangizo osamveka m'cinenero ca pakhomo atsala pa mseu.

KHOMO LA SUKULU

Tibwere tsopano ku sukulu. Maphunziro a ana olumala m'Malawi anayamba ndi akhungu: m'zaka za m'ma 1950 Amisyoni anatsegula sukulu zao ku Lulwe, m'boma la Nsanje, ndi ku Chilanga, m'boma la Kasungu. M'zaka za m'ma 1960 Abulazala ocokera ku Holland anayamba ku Nguludi sukulu ya osamva, ndi koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana otere. Izi zinali sukulu zogonera komweko, zolandira owerengeka. Mwana wolumala miyendo kapena manja analibe yace, ndipo kuphunzira kwace kunali pa msana wa amace ndi pa mtima wa mphunzitsi.

Caka ca 1994 cinabweretsa zinthu ziwiri. Ku Salamanca, m'dziko la Spain, maiko anabvomerezana kuti ana olumala aziphunzira pamodzi ndi anzao pa sukulu ya pafupi ndi kwao. Ndipo kwathu kuno Boma linacotsa fizi ku pulaimale, kotero kuti ophunzira anacuruka kucokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupi ndi 3 miliyoni. Khomo linatseguka, koma m'kati munadzaza. Malawi anabvomera pangano la United Nations la ufulu wa olumala mu 2009, naika lamulo la olumala mu 2012, nalemba ndondomeko ya maphunziro a ana onse pamodzi mu 2017. Ndipo lamulo latsopano la mu 2024 linasintha MACOHA kukhala MACODA. Pa sukulu zina panatsegulidwa zipinda zapadera, mmene mphunzitsi wocokera ku Montfort athandiza ana obvutika kuphunzira.

Koma taonani cimene mwana wolumala apeza akafika. M'makalasi ang'ono ana ambiri akhala pansi, ndipo mwana amene msana wace suli wolimba atha mphamvu zace zonse pa kudzicirikiza kuti asagwe, osatsala nazo zomvera mphunzitsi. Njinga yace iima pa masitepe a kalasi. Koposa zonse pali cimbudzi: mwana wokwawa ayenera kuika manja ace pamene anzace mazana aponda, ndipo mtsikana akasinkhuka sapirira manyazi amenewo, angoleka sukulu osanena cifukwa. Zonsezi ndi nchito ya wa mafizo ndi ya wophunzitsa manja. Iye akalowa m'kalasi aona msanga kuti apa pafunika mpando wa ngodya, apa pensulo yokulungidwa ndi mphira wa cubu kuti inenepe, apa cogwirira m'cimbudzi. Koma anchitowa apezeka m'zipatala, monga ca boma ca pa Liwonde ndi ca pa Balaka, ndipo ali ocepa. Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna digiri ya mafizo anali kukaphunzira kunja, ambiri ku Moshi m'dziko la Tanzania, ndipo kuno kunali kuphunzitsidwa athandizi ao ku Kachere. Maphunziro a digiri anayamba ku College of Medicine ku Blantyre mu 2010. Cotero mphunzitsi ali ndi mwana koma alibe luso la mafizo, ndipo wa mafizo ali ndi luso koma sadziwa kalasi imene mwanayo akhalamo.

ZIMENE OFUFUZA ANAPEZA

Nchito yotere siiyenda popanda kuwerenga ndi kuyesa. Mu 2004 kunaturuka zotsatira za kafukufuku amene anacitika ndi bungwe la olumala la FEDOMA, Yunivesite ya Malawi ndi ofufuza a ku Norway. Anapeza kuti mwa olumala, osapondapo ku sukulu anali ocuruka pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anzao. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 ali onse a zaka zisanu ndi kuposa, 10 ali ndi ulumali wina. Ku Thyolo ndi ku Ntcheu, boma loyandikana ndi Balaka, ofufuza anaphunzitsa mu 2013 anthu a m'midzi kuzindikira ana olumala ndi kuwabweretsa kwa madotolo.

Ku Blantyre, kumene malungo a m'bongo afufuzidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Gretchen Birbeck ndi anzace analengeza mu 2010 kuti mwa ana opulumuka nthendayi, pafupifupi mmodzi mwa atatu anatsala ndi khunyu kapena cilema cina ca bongo kapena ca makhalidwe, ndipo zina zioneka patapita miyezi mwana ataturuka m'cipatala. Mau awa ali akuru kwa anthu a m'cigwa ca Shire ndi a m'madambo a Chilwa ndi Chiuta, kumene udzudzu uli wambiri. Machinga ndi Balaka anali mwa maboma 11 amene katemera wa malungo anayambira mu 2019. Mphunzitsi akaona mwana amene anali wanzeru wasanduka woiwala ndi waukali atadwala malungo akuru, asafulumire kutenga ndodo.

M'caka comweco ca 2010, Melissa Gladstone ndi anzace anaturutsa muyeso wa kakulidwe ka mwana wopangidwira m'Malawi, wochedwa MDAT. Miyeso yakale inali yocokera kwa Azungu, yofunsa mwana wa m'mudzi zinthu zimene sanazionepo, kotero kuti wanzeru anali kuoneka wotsalira. Muyeso watsopanowu uli ndi zoyesa 136 m'zigawo zinai, ndizo kayendedwe, nchito za zala, cilankhulo ndi kukhala ndi anthu, ndipo ugwiritsa zinthu zozolowereka pakhomo. Maiko ena anautenga nautembenuza m'zinenero zao. Phindu la kuzindikira msanga lioneka bwino pa mapazi okhota. Njira ya Ignacio Ponseti, imene inafala m'Malawi m'zaka zimene cipatala ca Beit CURE cinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, iongola phazi la khanda ndi cikhakha cosinthidwa sabata ndi sabata, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenaka nsapato zolumikizidwa ndi citsulo zobvala usiku kufikira zaka zinai. Mwana woyamba msanga afika ku Sitandade 1 akuthamanga. Wocedwa afuna mpeni wa dotolo. M'mera mpoyamba, anatero akale.

COTSALA

Kucokera pa kutsegulidwa kwa Utale kufika lero papita zaka zoposa 100. Cithandizo cinacoka m'mudzi wa akhate, cinafika pa cipatala ca boma, nicilowa m'midzi pa njinga. Mtunda wotsala uli waufupi koposa yonse, pakuti ndi wocokera pakhonde kufika m'kalasi. Koma suyendeka ndi munthu mmodzi.

Tsono tipempha owerenga athu. Inu aphunzitsi akuru, polemba maina a ana kumayambiriro kwa caka, funsaninso za amene sanabwere. Inu mafumu ndi a komiti ya sukulu, pamene muumba njerwa za kalasi yatsopano, lamulani amisiri asiye khomo lotakata ndi njira yotsetsereka, ndipo cimbudzi cimodzi cikhale ndi pokhala ndi cogwirira. Pomanga sizidya ndalama zambiri, koma pogumula zidya. Inu a ku cipatala, mwana akaturuka m'manja mwanu, lembani kakalata ka kwa mphunzitsi wace, konena umo ayenera kukhalira ndi zimene akhoza kucita. Ndipo pa tsiku loyendera midzi, patukiraniko ku sukulu. Inu anyamata ndi atsikana amene mwakhoza mayeso a Fomu 4, dziwani kuti maphunziro a mafizo ali m'dziko mwanu muno, ndipo wodziwa Ciyao afunika kwao. Ndipo inu makolo, musacite manyazi ndi mwana wanu, kapena kutaya mbuzi pofuna-funa amene anamlodza, nthawi yoongola miyendo iri kutha. Pitani naye ku sikelo, funsani za a mafizo, ndipo sukulu ikatsegulira, kamlembetseni dzina pamodzi ndi anzace.